Holide ya ku Siavonga yopanda kaloba

Nkhani ya ulendo uno inayambila mumdima. Munali mu 2024, cilala cija citavuta, malaiti akumapita m'mamawa n'kubwela pakati pa usiku anthu ali mtulo. Tinali titakhala panja pa nyumba ya akulu anga ku Mtendere, mbaula ili pakati, pamene mwana wawo wa zaka 9 anafunsa kuti, "Dadi, kansi malaiti yamayenda kuti?" Alamu anga anayankha monga mmene aliyense anali kuyankhila masiku amenewo: "Manzi yasila ku Kariba." Mwana anakhala cete pang'ono, kenaka ati, "Manje Kariba ili kuti? Imwe munaionapo?"

Tinayang'anana. Akuluakulu tinalipo anai, ine, akulu anga, alamu, ndi amai athu amene anali atabwela kucokela ku Petauke. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataiona nyanja imene tinali kuichula tsiku lililonse pokalipa. Komatu kucoka mu Lusaka kufika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200 cabe, ulendo wa maola atatu kapena anai. Ambili a ife timapita kutali kuposa pamenepo kukakhala ndi malilo. Koma kukwela basi n'colinga cokapumula ndi ana timakuona ngati nkhani ya apamwamba.

Usiku umenewo tinapangana kuti tidzapita. Vuto linabuka pa kapitidwe.

Januwale sadya mafoto

Alamu anga ndi munthu wa mtima wabwino, koma safuna kuoneka wocepa. Patapita masiku awili anabwela ndi foni, kutionetsa loji imene anaona pa Facebook, ya kapinga wobiliwila ndi dziwe losambilamo loyang'ana kunyanja. Anafuna kuti tipite pa Khisimasi. Titawelengetsa mtengo wa zipinda ziwili kwa masiku atatu, unapitilila malipilo awo a mwezi wonse. Iwo ati palibe vuto, pali munthu wa kaloba kunchito amene angawathandize.

Akulu anga amagulitsa salaula, ndipo ndalama amaidziwa kulemela kwake. Anawayankha mofatsa kuti, "Atate ŵake, Januwale sadya mafoto. Tikabwelako lendi izatiyembekeza, mayunifomu na nsapato za ana. Holide ya nkhongole siholide, ni kudwala." Aliyense wokhala m'komboni adziwa mmene kaloba imabelekela. Munthu amapumula masiku atatu n'kumathawa foni miyezi itatu.

Anakangana sabata yathunthu. Pomaliza anagwilizana kuti ulendo udzakhalapo, koma ndi ndalama imene ili m'manja. Tinapanga kacilimba ka pabanja: anthu atatu ogwila nchito, aliyense K400 pamwezi, kuyambila Febuluwale mpaka Julayi. Zonse zinakwana K7,200. Wosunga anali amai, cifukwa kwa iwo palibe amene angayese kukakongolako ya "nizabweza pa mwezi ukasila".

Ndalamayo tinaigawa m'maenvulopu anai: ya ulendo, ya malo ogona, ya zakudya ndi zosangalatsa, ndi ya mwadzidzidzi. Ulendo ndi malo ogona zinatenga pafupifupi magawo awili mwa atatu. Envulopu yomaliza tinagwilizana kuti sitidzaitsegula pokhapo munthu atadwala kapena motoka itafa panjila. Mitengo ya mabasi ndi zipinda imasintha kawilikawili, conco musatengele manambala athu. Imbani foni mufunse mtengo wa lelo musanayambe kuika ndalama pambali.

Tsiku lopita ndilo limapanga mtengo

Siavonga imadzala pa masiku amene aliyense mu Lusaka ali pa holide: Khisimasi ndi Nyuwele, Isitala, wikendi yaitali ya Heroes ndi Unity kuciyambi kwa Julayi, ndi pa 24 Okutobala. Masiku amenewo zipinda zimasowa, ndipo mwini nyumba safuna n'komwe kumva zocotsako mtengo. Nyimbo zimalila usiku wonse, m'mbali mwa nyanja muli mabotolo okhaokha. Kwa anyamata ndi atsikana ndiyo nthawi yabwino, koma kwa banja lokhala ndi ambuya ndi kamwana ka zaka zitatu, kumeneko sikupumula.

Ife tinasankha holide ya masukulu ya mu Ogasiti, kunyamuka pa Ciwili n'kubwelela pa Cinai. Mu Ogasiti kuzizila kumakhala kutacepa, mvula kulibe, ndipo kutentha kwa m'cigwa kumakhala kusanafike poipa. Amene anakhalako mu Okutobala amadziwa kuti dzuwa la kumeneko silicita manyazi. Ana amafooka, akulu amangogona pansi pa mtengo. Epulo nayenso ndi wabwino, dziko lili lobiliwila mvula itangotha, koma udzudzu umakhala wambili.

Cina cofunika kudziwa n'cakuti mahotelo aakulu a ku Siavonga amakhala ndi misonkhano ya maofesi pakati pa sabata. Conco pakati pa sabata amene amachipa kwambili ndi manyumba aang'ono a alendo, osati mahotelo ochuka.

Mseu wake

Minibasi siinyamuka isanadzale. Mukafika pa siteshoni m'mamawa imadzala msanga, ndipo mudzafika ku Siavonga dzuwa likali m'mwamba. Mukafika masana mungakhale maola awili mukuyembekeza anthu atatu omaliza, ana akulila njala. Ngati pali wacibale wa motoka, kusonkha mafuta mabanja awili nthawi zina kumachipa kuposa basi, komanso mungaime pamene mufuna.

Mukadutsa tauni ya Kafue ndi kuoloka ulalo wa mtsinje wa Kafue, mseu umagawika. Wina umapita ku Mazabuka ndi Livingstone, wanu ndi wa ku Chirundu. Kucokela pamenepo mumayamba kutsika mapili kulowa m'cigwa ca Zambezi. Mseuwu ndi wa mathilaki opita ku Zimbabwe ndi ku South Africa, uli ndi makona ambili, ndipo malo ochedwa Kapiri Ngozi dzina lake silinabwele pacabe. Musayende usiku, ndipo ngati dalaivala athamanga, mukambeni. Tengani mapulasitiki, cifukwa makona amenewo amasanzitsa ana. Kathu kakang'ono kanasanza kawili, ndipo amai anali atakonzekela ndi citenje cakale.

Musanafike ku Chirundu mumakhotela kumanja, n'kuyenda makilomita ena pafupifupi 65. Kuno dziko limasintha. Milambe ikuluikulu, mbuzi ndi ng'ombe zodutsa pamseu mosafulumila, azimai ogulitsa masau ndi mabuyu m'mabeseni. Masau a K10 anakhazika ana cete mpaka tinafika. Ndiyeno pa kona ina, pakati pa mapili, madzi anangoonekela, ambili osaona kumene athela. Mwana uja amene anayambitsa zonse anaimilila m'basi ati, "Anti, iyi ndiye yamene inasila?"

Kugona kochipa, kudya kwa kunyumba

Tauni ya Siavonga inamangidwa pamapili. Maloji okwela mtengo ali m'mphepete mwa madzi, ndipo mukamakwela kumtunda mtengo umatsika. Ife tinapeza kanyumba ka alendo ka zipinda zoyela, mtunda wa mphindi 15 kuyenda pansi kufika kunyanja. Tisanalipile tinafunsa mafunso amene ndikulangizani kufunsa inunso. Kodi amalola kuphika? Maneti a udzudzu alipo pa bedi lililonse? Madzi amatuluka nthawi zonse? Malaiti akapita pali sola kapena jeneleta yoti fani izizungulila? Ana amalipila, kapena angagone pa matilesi pansi?

Cenjelani ndi nambala za pa Facebook zofuna kuti mutumize ndalama zonse pa foni musanaone malo. Funsani munthu amene anagonako, kapena tumizani pang'ono cabe, zotsala mukalipile mutaona cipinda ndi maso.

Kumene mabanja ambili amathela ndalama ndi pa cakudya. Anthu 7 kudya m'lesitilanti katatu patsiku, ndalama ya mwezi imatha masiku awili. Ife tinanyamula unga, saladi, mcele, shuga, masamba a tiyi, anyezi ndi tomato za ku Soweto, mapoto awili ndi kambaula kakang'ono. Malasha, buledi, ndiwo zamasamba ndi nsomba tinagula komweko. Musaganize kuti popeza muli panyanja nsomba ndi yaulele. Ogulitsa amamudziwa wa ku Lusaka akangotsegula pakamwa. Yendani pamsika m'mamawa, funsani malo atatu, ndipo kambilanani mtengo mwaulemu. Anthu ambili kumeneko ndi Atonga, ngakhale Cinyanja cimamveka paliponse. "Mwabuka buti" ya m'mawa ndi "twalumba" pocoka zinatitsegulila nkhope zambili.

Nsima ya kapenta wa kumene, wosaumika, wokazinga ndi tomato, amai anaidya mwakacetecete mpaka mbale inayela. Atasamba m'manja ati zaka zonsezi akhala akudya mitembo ya kapenta, mwini wake amuona lelo.

Cinthu cimodzi patsiku

Colakwa cimene timacita tikapita kokayenda ndi kufuna kuona zonse cifukwa talipila. Kuthamanga uku ndi uku, ana atopa, akulu akalipilana, pobwela aliyense afuna holide ina. Ife tinaika lamulo lakuti cinthu cacikulu ndi cimodzi patsiku, nthawi yotsala ndi ya kukhala.

Tsiku loyamba sitinacite kalikonse. Titadya tinatsikila kunyanja madzulo, n'kukhala pamwala kuona dzuwa likulowa. Mdima utagwa, pamadzi panayamba kuoneka timagetsi tambilimbili ngati komboni yoyandama. Amenewo ndi maboti a kapenta. Asodzi amatsitsa neti yaikulu yozungulila pansi pa boti, n'kuyatsa getsi. Kapenta amasonkhana pa kuwala, ndipo akaculuka amakweza neti. N'cifukwa cake mwezi ukakhala wathunthu usodzi umaima, popeza kuwala kwa mwezi kumabalalitsa nsomba. Kapenta ameneyu sanabadwile mu Kariba. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika ca m'ma 1967 ndi 1968, ndipo lelo akudyetsa mabanja kumbali zonse ziwili za nyanja. Zonsezi ana anazionela osalipila ngwee.

Tsiku laciwili m'mawa tinapita ku damu, pa mtunda waufupi ndi takisi kucoka m'tauni. Khoma lake ndilo malile a Zambia ndi Zimbabwe, conco pali maofesi a olowa ndi otuluka. Nyamulani maleji anu ndi mapepala a ana, ndipo funsani pa ofesi ngati tsiku limenelo akulola alendo kuyenda pakhoma, cifukwa nthawi zina pamakhala nchito yokonza. Damuli linamangidwa kuyambila 1955 mpaka 1959, ndipo khoma lake ndi lalitali mamita 128. Mukaima pamwamba, mbali imodzi ndi nyanja yotalika makilomita oposa 220, mbali ina ndi phompho limene Zambezi amapitiliza ulendo wake. Madzi amalowa m'mipaipi ikuluikulu pansi pa phili, n'kuzungulitsa makina a ZESCO amene amatumiza malaiti ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Madzi akatsika kwambili, bungwe la Zambezi River Authority limacepetsa amene dziko lililonse lingagwilitse nchito, ndipo ndipo pamene ife ku Mtendere timayatsa makandulo. Alamu anga anafotokozela mwana wawo zimenezi ataloza ndi cala mzele wa pamiyala woonetsa pamene madzi anali kufika kale. Yankho limene anapeleka mumdima lija tsopano linali ndi nkhope.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ana ayenela kuimva. Pansi pa madzi amenewo pali midzi, minda ndi manda. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwili za mtsinje anasamutsidwa kuti nyanja ipangike, ndipo ena anawapititsa ku Lusitu, dela louma limene mumadutsa pobwela. Nyama zokwana pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa pa zilumba m'nchito yochedwa Operation Noah. Amisili a kumeneko amasema ndodo za Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, umene Atonga amati damu linaulekanitsa ndi mkazi wake. Amai atamva za manda omila anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anauza adzukulu kuti asamaponye zinyalala m'madzimo, ndi pamudzi pa anthu.

Masana a tsiku limenelo ndiwo anali a alamu anga. Maloji ena a m'mphepete mwa nyanja amalola anthu osagona pamenepo kulipila pakhomo n'kusambila m'dziwe lawo. Tinafunsa malo awili, ena anakana, ena anavomela. Ana anasambila mpaka zala zinacita makwinya, ndipo mafoto a kapinga wobiliwila aja anajambulidwa ndithu, pa mtengo wosafika ngakhale theka la cipinda cimodzi.

Tsiku lomaliza tinakwela boti kwa ola limodzi m'mamawa, madzi akali bata. Mu Ogasiti mphepo imakonda kuuka dzuwa likakwela, ndipo nyanja yaikulu ngati imeneyi imacita mafunde oopsa. Boti imachipa mukagwilizana ndi banja lina n'kugawana mtengo. Amene ali ndi motoka yawo angaimenso pobwelela pa Chirundu Fossil Forest, pafupi ndi pokhotela paja, pamene pali mitengo yakalekale imene inasanduka miyala. Kufupi ndi Lusitu kuli Ing'ombe Ilede, dzina limene ana amaliloweza m'kalasi. M'Citonga limatanthauza ng'ombe yogona, ndipo ndi pamene mu 1960 anafukula manda akale okhala ndi mikanda ya golide ndi mkuwa, umboni wakuti malonda anali kucitika m'cigwaci zaka mazana ambili zapitazo.

Madzi aja si a kusewela nawo

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Nyanja ya Kariba ili ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo sizikhala kutali ndi anthu. Madzi angaoneke oyela, mcenga wabwino, ana a kumeneko akusewela m'mbali, koma mlendo sadziwa malo oipa. Ng'ona siicita phokoso. Amai anaika lamulo lakuti palibe mwana woponda m'nyanja, ngakhale kusambitsa mapazi, ndipo wofuna kusamba asambe m'dziwe la pa loji, wamkulu ali pambali osagwila foni. Madzulo ndi m'bandakuca musayende m'mphepete mwa madzi mmene muli udzu, ndiyo nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya ndi kubwelela.

M'madzi osayenda a m'mbali mulinso likodzo, matenda amene amalowa pakhungu kucokela ku nkhono za m'madzi. Pa boti, welengani majekete oyandamitsa musanakwele, ndipo aliyense avale, maka-maka ana. Mwini boti akati "osadandaula, sitimila", tsikani mufune ina. Mowa ndi madzi akuya sizigwilizana. M'cigwa muli maleliya kuposa mu Lusaka, conco gonani m'neti, valani zamanja aatali madzulo, ndipo wina akatentha thupi patapita sabata imodzi kapena awili mutabwelako, pitani naye ku kiliniki mukawauze kumene munali.

Zimene tinabwela nazo

Cinthu cimene sindinayembekezele cinacitika madzulo a tsiku laciwili. Alamu anga amacoka panyumba 05:30 ndipo amabwela ana atagona. Pa Sondo amakhala otopa, maso pa foni. Ku Siavonga mabandulo anawathela, ndipo akulu anga anakana kutsegula envulopu ya mwadzidzidzi kuti agule ena. Atasowa cocita, anajambula draft pa katoni, zitsekelo za mabotolo n'kukhala nkhomo zake, ndipo anasewela ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 14 mpaka mdima. Mtsikanayo, amene kunyumba amayankha ndi mau amodzi, anawauza zakuti masamu akumuvuta ndipo wakhala akubisa mapepala a mayeso. Akulu anga anali kupala nsomba pafupi, akumva zonse, osalowelelapo.

Tinafika mu Lusaka pa Cinai madzulo, envulopu yacinai ili yosatsegula. Pa ndalama ya zakudya panatsala yokwanila kugula kapenta wouma wa aneba amene anatisungila nyumba. Palibe amene anatiimbila foni mwezi utatha kufunsa ndalama yake.

Malaiti akapita masiku ano, mnyamata uja ndiye amafotokozela anzake za mzele wa pamiyala ndi mipaipi ya pansi pa phili, mowonjezela pang'ono monga mwa ana. Amai anabwelela ku Petauke ndi envulopu yosatsegula ija. Ati ndiyo mbeu ya cilimba ca caka camawa, ndipo amva kuti ku Samfya kuli mcenga woyela. Alamu anga apeleka kale K400 yawo yoyamba.